Khoswe, jombo ndi payi ya Mfumu Graham

M'dziko lopeka la Serenia, pafupi ndi nyumba yophikira buledi, mphaka amatulukira akuthamangitsa khoswe. Zimachitika kamodzi kokha, m'kanthawi kochepa zedi. Munthu amene akusewera King's Quest V, gemu yomwe kampani ya Sierra On-Line inatulutsa m'chaka cha 1990, amayenera kutsegula thumba la Mfumu Graham msangamsanga, kutenga jombo yakutha yomwe anatola kuchipululu, n'kumugenda nayo mphakayo. Akatero khoswe amapulumuka. Akachedwa, mphaka amamuwakha khosweyo n'kuzimirira naye, ndipo gemu siyankhula kanthu. Nyimbo zimangolirabe, Graham amangoyendabe ngati palibe chachitika.

Pambuyo pake Graham amalowa m'nyumba ya alendo, eni ake n'kumumanga ndi zingwe, kumuponya m'chipinda chapansi. Womumasula ndi mmodzi yekha, khoswe uja, amene amabwera kudzatafuna zingwezo pobweza chifundo. Ngati anadyedwa, Graham amathera momwemo. Kuilambalala nyumbayo nakonso sikuthandiza, chifukwa chingwe chomwe anamumangira n'chomwe adzakwerere phiri kutsogolo.

Ndiye palinso payi, chikeke chofewa cha kasitadi chomwe Graham amagula ndi kandalama ka siliva m'nyumba yophikira buledi ija. Gemu imalola kuti adye. Pokwera mapiri ozizira njala imamupweteka mpaka kutsala pang'ono kufa, payi ili m'thumba. Wosewera akamudyetsa, Graham amakhuta bwinobwino, ulendo n'kupitirira. Koma chakudya chomwe olemba gemu ankafuna kuti adye ndi theka la mwendo wa nkhosa, theka linalo apatse chiwombankhanga chanjala. Payi ija ndi chida: amayenera kuiponya kumaso kwa yeti, chilombo chaubweya cha m'mapiri a chipale chofewa, kuti chigwere kuphompho. Munthu wanjala amene ali ndi payi m'manja, n'chiyani chingamuuze kuti wanyamula chida cha nkhondo?

Anthu okonda magemu akale oloza n'kudina, aja omwe umayendetsa munthu wako podina ndi mausi pa chitseko, pa chinthu kapena pa munthu wina, akhala akufunsana funso limodzi kwa zaka zoposa makumi atatu: kodi zomwe ndikuchita poyamba pano zidzandipeza kutsogolo? Yankho linkadalira dzina la kampani lomwe linali pa bokosi. Ndipo chodabwitsa m'mbiri imeneyi n'chakuti zosankha zolemera kwambiri zinali zija zomwe wosewera sankadziwa n'komwe kuti akusankha.

Msampha wotere unachokera kutali. Kholo la magemu onsewa ndi Colossal Cave Adventure, yomwe Will Crowther analemba cha m'ma 1976, Don Woods n'kudzaikulitsa chaka chotsatira. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Kompyuta inkafotokoza phanga m'mawu, wosewera n'kumatayipa malamulo a mawu amodzi kapena awiri. Nyali ikatha batire uli m'kati mwa phanga, unkayambiranso, ndipo palibe ankaona chachilendo. Gemu inali ngati mwambi wovuta womwe umauyesa kambirimbiri mpaka utaumasulira.

Roberta Williams anaisewera gemuyo kunyumba kwake ku California ndipo inamugwira mtima. Mu 1980 iye ndi mwamuna wake Ken anatulutsa Mystery House pa kompyuta ya Apple II, gemu ya mtundu womwewo koma yokhala ndi zithunzi za mizere. Kampani yawo inadzatchedwa Sierra On-Line, n'kukhazikika m'tauni yaing'ono ya Oakhurst. Mu 1984 anatulutsa King's Quest yoyamba, momwe munthu ankaoneka akuyenda pa sikirini, ngakhale kuti malamulo ankatayipidwabe pa kiyibodi. Zithunzi zinasintha, koma mwambo wa m'phanga muja unatsala: wosewera azifa, azilakwitsa, azibwerera. Malangizo a Sierra ankakumbutsa anthu kuti aziseva pafupipafupi, ndiye kuti kusunga pomwe afika, komanso kuti azisunga m'malo osiyanasiyana kuti akadzasochera adzakhale ndi pobwerera.

Imfa payokha sinali vuto lalikulu. Ukagwera m'mtsinje umadziwa pomwe walakwitsa. Chopweteka chinali chija osewera a Chingerezi anachipatsa dzina lotanthauza mtembo woyenda: gemu inaluzika kalekale, koma iwe ukungoyendabe osadziwa, mwinanso n'kuseva pamwamba pa malo okhawo omwe akanakupulumutsa.

Space Quest yoyamba, ya Mark Crowe ndi Scott Murphy, yomwe inatuluka mu 1986 n'kudzakonzedwanso kuti izisewereka ndi mausi mu 1991, ili ndi chitsanzo chomwe chimapha nzeru wamba. Roger Wilco, wosesa m'chombo cha mumlengalenga, amafika pa kamudzi ka m'chipululu ka Ulence Flats alibe ndalama, mlendo wina n'kumupempha kuti amugulitse kagalimoto kake kouluka. Akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo wosewera wosauka amavomera msanga. Kumeneko ndiye kulakwa. Amayenera kukana mtengo woyamba, mlendoyo abwerenso ndi wachiwiri womwe amawonjezerapo chida chobereka kumsana choulukira. Popanda chidacho, Roger amakasowa polowera chombo cha adani chakumapeto kwa gemu.

Alipo amene amati misampha imeneyi inkatchedwa dala kuti anthu azigula timabuku ta mayankho komanso kuimba foni yolipira pa mphindi yomwe Sierra inali nayo. Timabukuto tinalipodi, foni inalipodi, ndipo safunsa ankadyadi phula. Koma mlanduwo suima bwino, chifukwa kampani yomwe inadzathetsa misamphayi nayo inkagulitsa timabuku ndipo inali ndi foni yake. Chifukwa chomveka n'chakuti gemu inkabwera pa madisiki ochepa, mtengo wake unali wokwera, ndipo wogula ankafuna imutengere masabata. Kumubweza m'mbuyo inali njira yosavuta yotalikitsira ulendo waufupi.

Kumpoto kwa San Francisco, ku kampani ya George Lucas wa mafilimu a Star Wars, kunali kagulu kakang'ono kopanga magemu kotchedwa Lucasfilm Games, komwe kanadzakhala LucasArts. Mu 1987 Ron Gilbert ndi Gary Winnick anatulutsa Maniac Mansion pa Commodore 64 ndi Apple II. Sinali gemu yoyamba yodina, popeza Déjà Vu inali itatuluka pa Macintosh mu 1985, koma ndi imene inaika maziko. Gilbert anatopa ndi kulota mawu omwe kompyuta ingamve, choncho anaika maverebu 15 pansi pa sikirini kuti wosewera azingoloza n'kudina. Makina oyendetsera gemuyo anawatcha SCUMM, ndipo anatumikira kampaniyo zaka khumi.

Mu Maniac Mansion, chosankha chachikulu chimabwera nkhani isanayambe n'komwe. Dave akufuna kukapulumutsa chibwenzi chake Sandy m'chinyumba cha Dr. Fred Edison, dokotala amene mutu wake unasokonezedwa ndi chimwala chamoyo chogwa kuchokera mumlengalenga. Wosewera amasankha anzake awiri mwa asanu ndi mmodzi oti amuperekeze, zomwe zimapereka magulu 15 osiyana. Aliyense ali ndi luso lake. Bernard, katswiri wa zamagetsi, amatha kukonza wailesi n'kuitana apolisi a mumlengalenga kuti adzamange chimwalacho. Wendy ndi mlembi, amakonza zolemba za chimwalacho mpaka chimapeza kontirakiti yosindikiza buku. Razor ndi Syd ndi oimba, Michael amatsuka zithunzi, ndipo Jeff, mnyamata wokonda kusewera pa mafunde, amangotha kukonza foni. Gulu lomwe wasankha ndi lomwe limatsegula zitseko zina n'kutseka zina, ndipo gemu ili ndi mathero asanu.

Apa ndiye panali kusankha kwenikweni, kodziwika kwa wosankhayo. Komabe nayo Maniac Mansion inali ndi misampha yake. Muli envelopu yomwe uyenera kuitsegula ndi nthunzi ya m'uvuni kuti udzaigwiritsenso ntchito potumiza kalata. Ukaing'amba, njira imeneyo yatsekeka. Ukafuna nthunziyo n'kutunga madzi a m'damu losambiramo, omwe ali ndi poizoni wa nyukiliya, mwana amene watsegula uvuniyo amafa, manda ake n'kuoneka pabwalo.

Gilbert anaona yekha kuti pali cholakwika. Mu 1989, akukonza gemu yake ya mbava za panyanja, analemba nkhani yotchedwa Why Adventure Games Suck, mutu wosapsatira mawu wofunsa chifukwa chomwe magemu a mtunduwu amanyansira. Mfundo ziwiri mwa zomwe anandandalika n'zomwe zinasintha ntchito yonseyi. Yoyamba: wosewera asakanike kumaliza chifukwa cha chinthu chomwe sanatole pamalo pomwe sangabwererenso. Yachiwiri: munthu watcheru azitha kudutsa gemu yonse osafunika kufa kaye kuti aphunzire pomwe pali ngozi. Kwa Gilbert, gemu ndi nkhani, ndipo nkhani yomwe imadukaduka kuti womvera ayambirenso yataya mphamvu yake.

Loom ya Brian Moriarty inatuluka koyambirira kwa 1990 yopanda imfa. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, pafupifupi nthawi imodzi ndi King's Quest V, kunabwera The Secret of Monkey Island ya Gilbert, Tim Schafer ndi Dave Grossman. Magemu awiriwa, King's Quest V ndi Monkey Island, anaima pa mashelefu a m'sitolo moyandikana, aliyense ndi chikhulupiriro chake. Mu Monkey Island, Guybrush Threepwood, mnyamata wofuna kukhala mbava ya panyanja, akhoza kunyoza aliyense, kuluza ndewu ya malupanga kambirimbiri, kuyesa chinthu chilichonse pa china chilichonse, osawononga kanthu. Mayeso atatu omwe akuluakulu a mbava amamupatsa pa chilumba cha Mêlée akhoza kuwachita mu dongosolo lililonse. Imfa yotchuka ilipo imodzi: Guybrush amadzitama kuti amatha kukhala m'madzi mphindi khumi osapuma, ndipo akaponyedwa m'nyanja, wosewera n'kumusiya momwemo mphindi khumi zenizeni, amamira. Pamalo ena, akagwa pa thanthwe, pa sikirini pamatuluka kabokosi kotengera ka imfa ka magemu a Sierra, kenako Guybrush amanjanja n'kubwerera pamwamba chifukwa anagwera pa mtengo wa rabala.

Ufulu umenewu unali mphatso yaikulu, ndipo ndi umene unapambana. Wosewera wopanda mantha amafufuza paliponse, amayesa mayankho onse oseketsa, amaona ntchito yonse yomwe olemba anagwira. Koma mtengo wake unalipo, ndipo okonda Sierra sanalakwe pouloza. Ngati palibe chomwe ungawononge, palibenso chomwe ungasinthe. Mayankho anayi omwe Guybrush angapereke pokambirana amathera pa khomo limodzi. Kusankha kunasanduka nkhani ya kakomedwe ka mawu, osati ya tsogolo la munthu.

Gemu yomwe inaluka bwino zingwe ziwirizi ndi Indiana Jones and the Fate of Atlantis ya 1992, yomwe anatsogolera Hal Barwood mothandizana ndi Noah Falstein. Nkhani yake ikuchitika mu 1939, Indiana Jones, kapena kuti Indy, akulimbirana ndi a Nazi kupeza mzinda womira wa Atlantis. Chakumayambiriro amapita ku New York kukaonana ndi Sophia Hapgood, mnzake wakale amene akuyankhula m'holo ina. Matikiti atha. Kukhomo lakumbuyo kuli mlonda wamatupi, dzina lake Biff, ndipo njira zomudutsira zilipo zitatu. Indy akhoza kumunyengerera ndi mawu poyamikira Sophia, yemwe mlondayo amamulemekeza. Akhoza kumuputa mpaka zibakera zitavuta. Kapena akhoza kumusiya, n'kukankha mabokosi a m'kanjira kapambali mpaka atafika pa makwerero okwerera pawindo.

Gemu siuza wosewera kuti ikumuyang'ana. Nkhani imapitirira ku Iceland, ku Tikal ndi ku Azores. Indy atapeza buku lotayika la Plato, Sophia amamuwombezera, n'kumuuza kuti iye ndi munthu wotani: wodalira anzake, wodalira nzeru zake, kapena wodalira nkhonya. Zomwe amanenazo zimachokera pa momwe wosewera anamudutsira Biff. Ndiye amamupatsa mpata woti avomere kapena asankhe njira ina. Apa pali luso lomwe King's Quest V inalibe. Zomwe unachita osaganiza zakumbukiridwa, koma m'malo mokulanga nazo, gemu ikukuonetsa ngati pagalasi, n'kukufunsa ngati mmenemo ndi mmene ukufunira.

Ndipo njira zitatuzo n'zosiyanadi. Woyenda ndi Sophia, akafika ku Monte Carlo, amachita msonkhano woitana mizimu pofuna kulanda mwala wakale kwa Alain Trottier, ndipo Indy akhoza kudzifunditsa nsalu ya pabedi kuti aoneke ngati mzukwa. Ku Algiers amamukankhira Sophia kutsogolo kwa katswiri woponya mipeni kuti apeze mpeni. Woyenda yekha modalira nzeru amaona Trottier yemweyo akubedwa ndi a Nazi, n'kuwathamangitsa pa galimoto m'misewu ya mzindawo. Wankhonya amakumana ndi mafunso ochepa ndi asilikali ambiri. Njira zonse zimakakumana ku Atlantis, ndipo chigawo chomaliza n'chimodzi. Gemuyo inkawerenga mapointi pa masewero onse ophatikiza, ndipo 1000 yonse ankaifika yekhayo amene wayenda njira zitatu zonse.

Sierra nayo inali kuphunzira. King's Quest VI, ya chaka chomwecho cha 1992, yomwe Roberta Williams analemba ndi Jane Jensen, ili ndi njira yaifupi ndi yaitali yolowera m'nyumba yachifumu momwe mtsikana wotchedwa Cassima watsekeredwa. Woyenda yaitali amatsikira kudziko la akufa kukatenga makolo a mtsikanayo, ndipo ukwati wakumapeto umasintha malinga ndi amene wosewera anawathandiza panjira. Lori Ann Cole ndi Corey Cole, mu Quest for Glory yomwe inayamba mu 1989 ndi dzina la Hero's Quest, anapita patali kuposa onse: poyamba umasankha kukhala wankhondo, wamatsenga kapena mbala, ndipo munthu wakoyo ukhoza kumuseva pa disiki n'kumusamutsira m'gemu yotsatira, mpaka yachisanu ya 1998.

Nanga bwanji njira zoterezi sizinachuluke? Ndalama. Nthambi iliyonse ya nkhani imafuna zithunzi zake, mayendedwe ake ndi anthu oiyesa, pamene osewera ambiri adzaona imodzi yokha. Njira zitatu za Fate of Atlantis zinawonjezera miyezi yambiri pa ntchito. Magemu atayamba kutuluka pa CD ali ndi mawu a anthu ojambulidwa, mzere uliwonse unafunanso woyankhula wolipidwa. Umboni wake ndi Day of the Tentacle ya 1993, yotsatira Maniac Mansion. Schafer ndi Grossman poyamba ankafuna kuti wosewera azisankhanso anzake ngati kale, koma anasiya ganizolo chifukwa cha kukula kwa ntchito, n'kutsala ndi anthu atatu okhazikika: Bernard, Hoagie ndi Laverne. Gemuyo ndi imodzi mwa zokoma kwambiri za mtunduwu, ndipo ili ndi mathero amodzi. Blade Runner ya Westwood Studios, ya 1997, inayesa njira ina: kompyuta imasankha yokha poyamba kuti mwa anthu ena a m'nkhani, ndani ndi munthu weniweni, ndani ndi wopangidwa, ndipo mathero amatsata zochita za wapolisi Ray McCoy. Inayamikiridwa, koma ochepa anaitsanzira.

Funsoli linadzukanso mu 2012. Telltale Games, yomwe inayambitsidwa mu 2004 ndi anthu ochokera ku LucasArts, inatulutsa The Walking Dead m'zigawo zisanu, n'kuika kusankha patsogolo pa chilichonse. Lee Everett, munthu amene wosewera amamuyendetsa, akayankhula, pakona pa sikirini pamatuluka mawu odziwitsa kuti kamtsikana Clementine, kapena munthu wina, adzakumbukira zimenezo. Kumapeto kwa chigawo wosewera amaonetsedwa kuchuluka kwa anzake padziko lonse amene anasankha ngati iye. M'chigawo choyamba, m'sitolo ya mankhwala ya ku Macon, amayenera kupulumutsa mmodzi pakati pa Carley ndi Doug. Amene wapulumukayo amadzafabe m'chigawo chachitatu, pamalo amodzimodzi. Ena anakhumudwa atazindikira. Koma kwa zigawo ziwiri wosewera anayenda ndi munthu amene anamusankha yekha, ndipo imfayo inamupweteka chifukwa cha zimenezo. Ndi chithunzi chotembenuza cha khoswe wa ku Serenia: kumeneko gemu inakhala chete pa chinthu chomwe chinatseka ulendo wonse, kuno ikulengeza mokweza chinthu chomwe sichisintha komwe ulendo ukathere.

Masiku ano magemu akalewa akusewerekabe pa kompyuta ndi pafoni kudzera pa pulogalamu ya ScummVM, yomwe anthu odzipereka anayamba mu 2001, choncho funso lija limamupezabe wosewera watsopano aliyense. Wotsegula gemu ya Sierra aseve m'malo ambiri, asadye chomwe sanakakamizidwe kudya, atole chilichonse chotoleka. Wotsegula ya LucasArts ya kuyambira 1990 ayese chilichonse mopanda nkhawa, kupatula nkhonya za Indy.

Ngakhale mu Monkey Island yoyamba muli kanthu kamodzi komwe kamatsata wosewera. Pamwamba pa phiri la pa Monkey Island, chilumba cha anyani, pali thabwa lokhala ngati katungwe, mwala uli mbali imodzi. Guybrush akaliloza bwino n'kugwetsera mwala wina mbali inayo, mwalawo umauluka n'kukamenya mtengo wa nthochi pagombe, nthochi n'kuyoyoka. Akaliloza kwina, umakagwera pa chombo chake chomwe, n'kuchimiza pamodzi ndi mpata wobwerera kwawo wa anzake atatu, Carla, Otis ndi Meathook, omwe anali atamugalukira n'kumangowothera dzuwa. Gemu imatheka njira zonse ziwiri. Amene sanamize chombo amabwerera kwawo ndi anzakewo, n'kumusiya pachilumba Herman Toothrot, nkhalamba yomwe inasowa kumeneko zaka zambiri. Amene anamiza amabwerera ndi Herman, atatu aja n'kutsala.

Patapita zaka khumi, mu 2000, LucasArts inatulutsa Escape from Monkey Island, ndipo olemba ake anayenera kusankha mbiri imodzi. Anasankha ya chombo chomira. Guybrush akukumana ndi Carla ndi Otis pa Mêlée, akadali ndi mkwiyo woti anawasiya pachilumba cha anyani, ndipo sakuvomera kukweranso naye chombo mpaka atawapezera ntchito zofewa za m'boma. Mlandu umenewo amaulipira aliyense, kuphatikizapo amene mu 1990 analoza mwala uja pa mtengo wa nthochi basi.